Chimbale chikakalika, layisensi isafere pomwepo

Geni yoseweretsa magemu a pakanema idafika kale m'misika ya m'mbali mwa nyanja, ndipo kwa Chembe ku Cape Maclear, m'dera la T/A Nankumba m'boma la Mangochi, imayendera limodzi ndi yoonetsa mpira, yometa ndi yotchaja mafoni. Mpamba wake ndi sikirini, makina a PlayStation, mapadi awiri, benchi ndi magetsi, kaya a Escom kaya a sola. Makasitomala ake ndi ana asukulu akaweruka, komanso alovi masiku amene mwezi ukuwala kapena mwera wavuta, pomwe maboti a usipa amakhala pamtunda. Pa katundu yense wa m'kanyumba ka gemu, chimene chimayamba kutha ndi chimbale.

Zifukwa zake n'zodziwika kwa aliyense wokhala pamudzipo. Mchenga wa kugombe umalowa ndi mapazi, mphepo komanso manja a osewera. Dzuwa la mu Okutobala limatha kupinda chimbale chosiyidwa pawindo. Chimbale chimodzi chimatulutsidwa ndi kulowetsedwa kangapo pa tsiku chifukwa uyu akufuna mpira, winayu akufuna nkhonya. Mapeto ake makina amakana kuchiwerenga, kapena gemu imaima m'chigawo chachiwiri, ana n'kuyamba kuitanitsa ndalama zawo. Njira yovomerezeka imene mwini geni amatsala nayo ndi kugulanso gemu yomweyo pa mtengo wonse, ndipo kogula n'kutali. Ku Monkey Bay kokha ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo chimbale chenicheni nthawi zambiri chimachokera ku Lilongwe, ku Blantyre kapena m'chikwama cha m'bale wobwera kuchokera ku Joni.

Kulipiritsa munthu kawiri pa chinthu chimene adalipira kale si chilungamo, ndipo umboni wake uli m'mawu a makampani opanga magemuwo.

Pa bokosi la gemu, kapena pa sikirini munthu akamaiyatsa koyamba, pamakhala mgwirizano wa timalemba ting'onoting'ono m'Chingerezi. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti pulogalamuyo sidagulitsidwe, wogula wangopatsidwa chilolezo choigwiritsa ntchito, chomwe ndi layisensi. Chimene chili chake cha wogula ndi pulasitiki ndi bokosi. Gemu yeniyeniyo, zithunzi, mawu ndi kaseweredwe kake, imakhalabe ya kampani. N'chifukwa chake kampani imaletsa kukopera chimbale, ndipo malamulo amaiikira kumbuyo. Kuno ku Malawi lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta monga momwe limatetezera nyimbo ndi mabuku.

Ndalama zambiri zimene wogula amapereka zimapita ku layisensiyo. Ku America gemu yaikulu yatsopano ya PlayStation 4 inkagulitsidwa madola 60, ndipo chibwerere PlayStation 5 mu 2020 zambiri zidakwera kufika madola 70. Kusindikiza chimbale ndi bokosi lake kumadya kagawo kochepa kwambiri ka ndalamazi. Gemu yomweyo ikagulidwa pa intaneti, popanda chimbale, bokosi kapena thiransipoti, mtengo wake pa tsiku lotuluka nthawi zambiri umafanana ndi wa chimbale. Makampani eni ake akusonyeza pamenepa kuti pulasitiki ilibe mtengo weniweni m'maso mwawo.

Apa ndi pomwe makampaniwa amayankhula pawiri. Wogula akafuna kukopera chimbale chake kuti asunge china chodikira ngozi, amauzidwa kuti adagula chilolezo chabe, gemu si yake. Chimbale chikakalika, amauzidwa kuti adagula katundu ngati ndowa kapena mbale, ndipo katundu akawonongeka m'manja mwa mwini wake, mwiniyo amagula wina. Kampani imasankha tanthauzo limene likuikomera pa tsikulo. Ngati chidagulidwa ndi chilolezo, mchenga sungakale chilolezo. Ngati chidagulidwa ndi katundu, mwini wake akhale ndi ufulu womusamala momwe angathere, kuphatikizapo kusunga kope lake. Kampani isankhe chimodzi n'kukhala nacho.

Makina amakono amaionetsa poyera nkhaniyi. Chiyambire PlayStation 4, yomwe idatuluka mu 2013, makina amakopera gemu kuchoka pa chimbale kuiika mu hard drive yake, ndipo posewera amawerenga za m'katimo. Chimbale chimafunikabe kulowetsedwa kuti makina atsimikize kuti woseweretsayo ali ndi chilolezo. Ndiye kuti gemu itha kukhala m'makina yathunthu, yopanda vuto lililonse, koma yotsekeka chifukwa kiyi wake wapulasitiki wasweka. Palibe mwini nyumba amene amauza walendi kuti alipirenso lendi ya chaka chonse chifukwa kiyi wathyokera m'loko. Amamuuza kuti akadulitse kiyi wina ndi ndalama yake, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amalonda amadziwa kale makampani amene amasiyanitsa chotengera ndi chimene chili m'kati mwake. Simu khadi ya TNM kapena Airtel ikathyoka kapena kugwera m'nyanja, mwini wake amapita ndi chiphaso chaunzika kukatenga ina. Nambala imakhala yomweyo, ndipo ndalama za mu Mpamba kapena Airtel Money zimapezeka momwe zidalili. Kapepala ka mayunitsi a Escom kakasowa asanalowetsedwe m'mita, manambalawo amatha kupezekanso chifukwa adalembedwa pa nambala ya mitayo. Palibe amene amadabwa nazo izi. Wogula gemu akupempha chomwechi basi.

Makampani ali ndi mayankho awo, ndipo ena mwa iwo ndi omveka. Loyamba ndi la chinyengo, lakuti wina adzanama kuti chimbale chasweka, n'kulandira chatsopano, kenako n'kugulitsa zonse ziwiri. Mankhwala ake ndi apafupi, wopempha abweze chowonongekacho. Kampani ya Microsoft idachitapo zimenezi m'nthawi ya makina a Xbox 360, pomwe anthu ambiri ankadandaula za zimbale zokalika. Munthu ankatumiza chimbale cha gemu ya kampaniyo n'kulandira china pa madola 20. Makampani ena amapereka chitsimikizo cha masiku 90 pa chimbale chimene chidabwera ndi vuto kuchokera kufakitale. Njira idalipo kale, kungoti siidafike konse kumsika ngati wa Chembe.

Yankho lachiwiri ndi lakuti wakala chimbale ndi mwini wake, choncho alipire. Izi n'zoona, ndipo palibe amene akunena kuti chatsopanocho chikhale chaulere. Wosasamala alipire pulasitiki, bokosi ndi mtengo wotumizira. Chimene sayenera kulipiranso ndi ntchito ya anthu amene adapanga gemuyo, chifukwa adailipira kale ndipo ntchitoyo siidawonjezereke chifukwa choti chimbale chagwa pa simenti.

Lachitatu ndi lakuti zimbale zambiri zopezeka kuno ndi zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo kampani siidalandirepo tambala pamene chimbale chidachoka m'manja mwa mwini wake woyamba ku Johannesburg kubwera ku Mangochi. Koma kampani idalandira ndalama zonse pa chimbalecho tsiku limene chidagulidwa koyamba, ndipo wogulitsa adasiya kusewera atachipereka. Layisensi idakali imodzi, yangosintha mwini. Khoti lalikulu la European Union lidagamula mu Julaye 2012, pa mlandu wa makampani a UsedSoft ndi Oracle, kuti amene adagula pulogalamu ndi layisensi yosatha angathe kuigulitsa kwa wina bola iye asiye kuigwiritsa ntchito. M'mayiko omwewo lamulo la 2009 limalola wogwiritsa ntchito pulogalamu movomerezeka kusunga kope lodikira ngozi, ndipo mgwirizano sungamulande ufuluwo, ngakhale kuti maloko a m'makina a gemu amapangitsa ufuluwu kukhala wovuta kuugwiritsa ntchito.

Lachinayi ndi lakuti msika wa Malawi ndi waung'ono moti kutsegula ofesi yosinthitsa zimbale kungadye ndalama zambiri kuposa zomwe kungabweretse. Malawi sali n'komwe pa mndandanda wa mayiko amene munthu angasankhe potsegula akaunti ya PlayStation Network, ndipo ena kuno amalembetsa ngati okhala ku South Africa n'kumagula makadi a ndalama ya rand. Komabe masiku ano kusinthitsa sikulira ofesi. Kampani itha kulandira chimbale chosweka kudzera kwa wogulitsa wodalirika m'tawuni, n'kutumiza nambala yotsegulira gemu imene ili kale m'makina. Kutumiza nambala kulibe mtengo wa sitima kapena ndege.

Pali mfundo ina yowawa imene woseweretsa gemu ayenera kuimva asanapite kulikonse kukadandaula. Layisensi ya pa chimbale ndi yoseweretsa pakhomo. Timalemba tija timaletsa kubwereketsa gemu pa ndalama kapena kulipiritsa anthu kuti asewere. Ndiye kuti kanyumba ka gemu ka kwa Chembe, ngakhale katagula chimbale chenicheni ndi lisiti yake, kali kunja kwa mgwirizano wa kampani. Pa nyimbo ndi mafilimu nkhani yotere ili ndi khomo lake. Bungwe la Copyright Society of Malawi, lomwe ambiri amalidziwa kuti Cosoma ndipo lidakhazikitsidwa mu 1992, limadulitsa malayisensi kwa eni mabala, malo ogona alendo ndi ena oimba nyimbo pagulu, ndipo ndalamazo zimagawidwa kwa eni luso. Pa makompyuta, kampani ya Valve ili ndi ndondomeko yogulitsa malayisensi a magemu kwa eni malo oseweretsa anthu. Woseweretsa PlayStation kugombe alibe khomo loti agogode, ngakhale atafuna kulipira.

Zotsatira zake zimaoneka m'misika yambiri. Amalonda amathawira ku makina othyoledwa loko, odzazidwa magemu ambirimbiri mu hard drive kapena fulashi, osafuna chimbale n'komwe. Makina a PlayStation 2, omwe adatuluka m'chaka cha 2000 ndipo adagulidwa oposa 150 miliyoni padziko lonse, akugwirabe ntchito motere m'malo ambiri. Munthu amene wagula gemu imodzi kawiri savuta kumukopa kuti kachitatu apite kwa obena. Makampani akadandaula za umbava wa magemu mu Africa, aziyang'ananso khomo limene adatseka okha.

Izi sizikutanthauza kuti kubena ndi yankho. Kugulitsa kapena kupangira ndalama pa gemu yokopera n'kuphwanya lamulo la 2016 lija, ndipo katundu atha kulandidwa. Makina othyoledwa loko akalumikizidwa pa intaneti amatha kutsekedwa ndi kampani, ndipo akawonongeka palibe kodandaula. Komanso wamalonda amene amamvera chisoni woimba wa ku Mangochi amene nyimbo zake zimathiridwa m'mamemore khadi iye osapezapo kanthu sanganene kuti thukuta la wopanga gemu ndi la ulere chifukwa amakhala kutali. Pali kusiyana pakati pa munthu amene ali ndi chimbale chenicheni chosweka m'manja, yemwe akungofuna kubwezeretsa chake, ndi amene wadzaza magemu 50 osalipirapo ngakhale imodzi. Malamulo ndi makampani akamawaika m'gulu limodzi anthu awiriwa, wokhulupirika ndiye amaoneka wopusa.

Ena amati vutoli likutha lokha chifukwa zimbale zikupita. PlayStation 5 ili ndi mtundu wopanda polowetsa chimbale. Kampani ya Konami idasintha gemu ya mpira ya PES kukhala eFootball mu 2021, ndipo imapezeka pa intaneti pokha. Koma kwa wamalonda wa m'mudzi, gemu ya pa intaneti ili ndi minga yake. Gemu imodzi yamakono imadya magigabayiti makumi angapo, ndipo aliyense wogula bandulo amadziwa tanthauzo lake. Malipiro ake ndi a ndalama yakunja, yomwe idakwera mtengo kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chachikulu n'chakuti gemu ya pa akaunti siigulitsika geni ikavuta, pomwe chimbale chabwino chimapeza wogula.

Gemu yodalira intaneti ithanso kuzimitsidwa ndi mwini wake. Kampani ya ku France ya Ubisoft idatulutsa gemu ya mipikisano ya magalimoto yotchedwa The Crew mu 2014, ndipo pa 31 Malichi 2024 idazimitsa makompyuta amene ankaiyendetsa. Ngakhale amene adali ndi chimbale chonyezimira, chosakalika paliponse, sadathenso kusewera. Mkwiyo wa ogula udabala kampeni ya Stop Killing Games, yomwe pofika mu Julaye 2025 idasonkhanitsa masiginecha oposa 1 miliyoni m'mayiko a European Union. Ku California lamulo lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2025 limakakamiza ogulitsa pa intaneti kunena poyera kuti wogula akulandira layisensi chabe. Mu 2013 Microsoft idafuna kuika malire pa kugulitsana zimbale zakale za Xbox One, koma idabweza ganizolo mu Juni chaka chomwecho ogula atakana. Makampaniwa amagonja ogula akayankhula pamodzi.

Eni malo oonetsa mpira m'Malawi adalawapo kale zotere. Mu Ogasiti 2023 kampani ya MultiChoice idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'dziko muno potsatira mkangano wake ndi bungwe la Macra pa nkhani ya mitengo, ndipo idabwerera mu Disembala chaka chomwecho khoti litagamula. M'miyezi imeneyo madikoda ndi madishi amene anthu adagula ndi ndalama zawo adangokhala zitsulo. Chimodzimodzi sola kapena foni yapangongole, yomwe imazima mwini wake akaphonya kulipira. Katundu amene moyo wake uli pa chilolezo cha munthu wina amafanana ndi nkhwangwa yobwereka, siichedwa kuguluka. Wamalonda aziwerengera zimenezi asanaikepo mpamba wake wonse.

Pamene makampani akutali sakumva, pali chilungamo china chimene chili pafupi ndipo lamulo la Malawi limachiteteza. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC mwachidule, lakhala likuchenjeza kuti zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa n'zosaloledwa, chifukwa wogulitsa sangathawe udindo pa katundu amene adali ndi vuto pogulitsidwa. Lamulo latsopano la 2024 lidawonjezera mphamvu za bungweli zolipiritsa chindapusa. Choncho chimbale chimene chakana kuwerengeka tsiku lomwe chafika, kapena chokopera chimene chidagulitsidwa ngati chenicheni, chiyenera kusinthidwa kapena ndalama ibwezedwe. Chimene chakalika patatha miyezi chikugwira ntchito m'kanyumba si mlandu wa mwini shopu. Wamalonda akasakaniza milandu iwiriyi amangodana ndi womuodetsa popanda phindu.

Chitetezo choyamba chili pa nthawi yogula. Chimbale chiyesedwe m'makina pamaso pa wogulitsa, ndipo gemu iseweredwe kwa mphindi zingapo, osangoona kuti yayaka. Wogula achiyang'ane pa kuwala, makamaka pa kabowo ka pakati, chifukwa mng'alu woyambira pamenepo umakula chimbale chikamazungulira ndipo sukonzeka. Lisiti ilembedwe dzina la gemu, tsiku, ndi masiku amene wogulitsa walola kusinthitsa. Wotuma m'bale wa ku Joni apemphe kuti lisiti ibwere pamodzi ndi bokosi. Bokosi, lisiti ndi chimbale chosweka zisatayidwe, chifukwa ndiwo umboni wokhawo wakuti munthuyo adagula movomerezeka.

Wogula makina odzaza kale magemu afunse kuti magemuwo ali pa akaunti ya ndani. Pa PlayStation 4 ndi 5 gemu yogulidwa pa intaneti imamangiriridwa ku akaunti ya wogula. Mwini akaunti akaichotsa pa makinawo kapena kuisamutsira pa makina ena, magemu amaonetsa kachizindikiro ka loko ngakhale ali momwemo. Makina otere aziwerengedwa mtengo ngati opanda gemu, ndipo wogulitsa akakana, wogula adziwe kuti akulipira zinthu za eni ake.

Kasamalidwe nako kamasiyana malinga ndi mtundu wa chimbale. Magemu ambiri a PlayStation 2 ali pa DVD, pomwe zolembedwa zimakhala pakati pa zigawo ziwiri za pulasitiki, chilichonse chokhuthala mamilimita 0.6. Chimbale chotere chikakalika pang'ono chimatha kupalidwa ndi makina osalazira n'kuyambanso kugwira ntchito. Magemu a PlayStation 3, 4 ndi 5 ali pa Blu-ray, pomwe zolembedwa zili pafupi kwambiri ndi kunja, pansi pa kachikopa ka mamilimita 0.1. Kachikopako n'kolimba ndipo sikakalika msanga, koma kakakalika mozama palibe chopala. Mankhwala otsukira mano amene anyamata amapaka pa zimbale amathandiza nthawi zina pa DVD yokalika pang'ono, koma pa Blu-ray amangowonjezera vuto.

Popukuta, kansalu kakhale kofewa ndi kopanda mchenga, ndipo dzanja liyende kuchoka pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira. Kukalika kotsata mzere wozungulira kumafafaniza zolembedwa zambiri zotsatizana, pomwe kodutsa mopingasa makina amatha kukulumpha. Makina asasunthidwe chimbale chikuzungulira, akhale pathebulo lokwera osati pansi, ndipo avindikiridwe akazimitsidwa. Wosintha chimbale akhale mwini geni kapena womuthandiza yekha. Chimbale chikakana, chiyesedwe kaye m'makina ena, chifukwa nthawi zina vuto limakhala fumbi pa diso la makina, ndipo wamalonda atha kugula chimbale chatsopano pomwe chofunika chidali kupukuta.

Chotsatira ndi masamu, ndipo ziwerengero izi n'zongoyerekeza, aliyense aikepo zake. Chimbale chogulidwa pa K60,000 chimene chikuyembekezeka kugwira ntchito miyezi 10 chikudya K6,000 pa mwezi, yomwe ndi K200 pa tsiku. Ngati mpira umodzi ndi K200, ndalama ya mpira woyamba wa tsiku lililonse ndi ya chimbale, isalowe m'thumba la ndiwo. Iikidwe padera, kaya mu foni kaya kubanki mkhonde. Kanyumba koseweretsa mipira 20 pa tsiku pa mtengo umenewu kamataya K4,000 tsiku lililonse limene katseka, ndipo masabata awiri odikira chimbale kuchokera kutawuni ndi K56,000, pafupifupi mtengo wa chimbale chomwecho. Wopanda ndalama yapadera amaluza kawiri, pogula ndi podikira. Mapadi nawo awerengeredwe chimodzimodzi, chifukwa mabatani ake amatha msanga m'manja mwa anthu ambiri.

Gemu ya chaka chatha ndi njira ina yotetezera mpamba. Magemu a mpira amatuluka chaka chilichonse, ndipo yatsopano ikangofika yakale imatsika mtengo. Kampani ya EA idasiya dzina la FIFA itatulutsa FIFA 23, ndipo mu Seputembala 2023 idabweretsa EA Sports FC 24 n'kuchotsa magemu akale a FIFA m'masitolo a pa intaneti. Zimbale zake zikuseweretsabe anthu awiri okhala pa benchi imodzi popanda intaneti. Kusunga chimbale cha chaka chatha ngati chodikirira kumathandiza kuti khomo lisatsekedwe chatsopano chikakana. Amalonda a kwa Chembe, ku Msaka ndi ku Monkey Bay atha kuodera pamodzi n'kugawana mtengo wa thiransipoti, komanso kudziwitsana za ogulitsa amene amasinthitsa katundu popanda mkangano. Mutu umodzi susenza denga.

Chilungamo chimene woseweretsa gemu akufuna kwa kampani chiyambire m'kanyumba mwake. Mwana amene walipira mpira wagula nthawi yosewera, monga momwe mwini geni adagulira chilolezo. Chimbale chikaima pakati, kapena magetsi akazima, mwanayo apatsidwe mpira wina kapena ndalama yake. Kumuuza kuti ndalama ikalowa siituluka n'kumudyera masuku pamutu mofanana ndi momwe kampani imachitira. Lamulo la pakhomo lilembedwe pakhoma m'Chichewa kuti aliyense alidziwe asanakhale pa benchi. Mudzi wa Chembe ndi waukulu, koma mbiri ya wamalonda wowuma mtima imafika kugombe lonse tsiku lomwelo.

Mabungwe a m'dziko muno ali ndi gawo lawo. CFTC ndi bungwe loimira ogula la Consumers Association of Malawi atha kukakamiza ogulitsa makina ndi magemu kuti azinena momveka ngati chimbale chili chatsopano, chogwiritsidwa kale ntchito kapena chokopera, komanso ngati magemu a m'makina ali pa akaunti ya munthu wina. Cosoma idapeza kale njira yothana ndi kukopera nyimbo kudzera mu ndalama imene imadulidwa pa zipangizo zosungira monga mafoni ndi mafulashi zikamalowa m'dziko, yomwe imagawidwa kwa eni luso. Bungwe limene lidatha kuchita zimenezi lithanso kufotokozera oseweretsa magemu, m'chiyankhulo chawo, chimene lamulo limalola kwa munthu amene chimbale chake chenicheni chawonongeka, ndi komwe angalipire ngati akufuna kuseweretsa anthu movomerezeka. Oitanitsa katundu m'matawuni nawo ali ndi mwayi wa malonda pamenepa. Shopu imene ingamachotsereko mtengo kwa wobweza chimbale chokalika, kapena kukhala ndi makina osalazira ma DVD, idzakoka amalonda a m'mbali mwa nyanja yonse.

Kwa makampani opanga magemu pempho ndi lalifupi. Amene wabweretsa chimbale chenicheni chowonongeka apatsidwe china, kapena nambala yotsegulira gemuyo, pa mtengo wa pulasitiki ndi kutumiza. Amene akufuna kuseweretsa anthu pa ndalama apatsidwe layisensi ya mtengo wogwirizana ndi geni ya sikirini imodzi ndi mapadi awiri. Kufikira zimenezi zitachitika, wamalonda wa kwa Chembe azisunga lisiti, azisunga chimbale chosweka m'bokosi lake, ndipo ndalama ya mpira woyamba aziiika padera tsiku lililonse.